Kwa amene mukupita kukaphunzira ku Scotland: konzani zanu mdima usanafike

Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali a kunyanja kuno, kuyambira ku Dwangwa, ku Linga, ku Benga mpaka ku Salima, amene mwapeza malo m'mayunivesite a ku Scotland. Ena mukumanga katundu, ena mwatera kale. Ine ndabwerako kumene ku Glasgow, komwe ndinakhala chaka ndikuchita maphunziro a masters, ndipo mafunso amene mukunditumizira ndi amodzimodzi: jekete ndikagule kuti, ufa umapezeka kodi, ntchito ziliko? Ndiyankha, koma zimenezo si zimene zimagwetsa anthu. Imagwetsa anthu ndi miyezi itatu, Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene mavuto a kumeneko ndi mavuto a kwathu kuno amakumana pa mutu wa munthu mmodzi. Nthawi yokonzekera miyezi imeneyo ndi yochepa: masiku amene mwatsala nawo kumudzi, ndi masabata oyamba mukafika, kunja kukadawala, ndalama zoyamba zikadali m'thumba.

Mukafika mu Seputembala kumawala mpaka cha m'ma 7 madzulo, ndiye mumayamba kuganiza kuti anthu ankangokokomeza. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, kusiyana kwa nthawi ndi kwathu kumafika pa maola awiri, ndipo kuyambira pamenepo tsiku limangonka lifupikira. Pakati pa Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko ili pafupi, 4 koloko isanakwane lalowa. Tsiku limene mitambo yatseguka limakhala m'munsi chakummwera uko, ngati nyali ya asodzi a usipa ili pakati pa nyanja: mukuiona koma simungaiothe. Ife tinakula tikudzutsidwa ndi dzuwa lotuluka m'madzi, chaka chonse nthawi yake pafupifupi imodzimodzi. Thupi lathu silidziwa zoti munthu angadzuke kuli mdima, kukalowa m'kalasi, n'kutulukamo kwadanso.

Musayembekezere kuti mudzalira misozi. Zimabwera mwakachetechete. Tulo tosatha, ulesi wophika, foni ikuitana inu n'kumangoiyang'ana, kalasi ya m'mawa n'kujomba kamodzi, kawiri, kenako manyazi obwereranso. Boma la Scotland limalangiza aliyense kumwa vitamin D, mamaikulogalamu 10 patsiku, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife akhungu lakuda amati tizimwa chaka chonse. Timapiritsi take ndi totchipa m'masitolo. Masana aliwonse tulukani muyende, ngakhale kukuwaza. Muziwerengera ku laibulale, osati m'chipinda: kumeneko kuli anthu, kuli kuwala, ndipo hita yake simulipira ndinu.

Tsono taonani kalendala ya kwathu m'miyezi yomweyo. Novembala ndi Disembala anthu akufuna mbewu ndi feteleza, ndipo amene kwanu amadalira nyanja mukudziwa kuti ndi nthawi imene makoka amaletsedwa. Khirisimasi ana akufuna mpunga ndi zovala. Januwale sukulu zatsegulira, fizi. Febuluwale nkhokwe zatha, chimanga chakwera pamsika, malungo afika pachimake, ndipo mvula ikanyanya mumva kuti mtsinje wasefukira, monga zinachitikira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 anthu n'kuthawira m'misasa. Mauthenga onsewa amafika pa foni yanu sabata imene bilu ya gasi yakwera, asainimenti zikufunika kuperekedwa, ndipo inu mwatha masiku osaliona dzuwa.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba muigwire pakhonde pa mayi anu, musanakwere minibasi yopita ku Lilongwe. Itanani amalume, azakhali ndi aliyense amene mawu ake amamveka pabanjapo. Aonetseni kalata yosonyeza ndalama zimene muzilandira, pambali pake mulembe lendi, chakudya, basi, foni ndi magetsi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paundi imodzi ku banki ndi ndalama zoposa K2,000. Munthu akamva kuti mwana wa uje amalandira mapaundi 1,000 pamwezi amachulukitsa m'mutu n'kupeza mamiliyoni awiri, ndipo masamu ake sanalakwe. Chimene sakudziwa n'chakuti boma la UK lenilenilo, popereka visa, limawerengera kuti wophunzira wokhala kunja kwa London amafunika mapaundi oposa 1,100 pamwezi kuti angokhala ndi moyo basi, ndipo chipinda chimodzi m'nyumba yokhalamo anthu angapo chimatha kudya theka la ndalamazo. Akuluakulu akaona manambala ndi maso awo amamvetsa, ndipo ndi iwowo amene adzakutchinjirizeni kwa ena onse.

Gwirizanani zinthu zitatu pamenepo: ndani azilandira ndalama, tsiku liti la mwezi, zingati. Wina aliyense akadzapempha, yankho ndi limodzi: "Ndatumiza kwa amayi, kalankhuleni nawo." Ngati mungathe, ya feteleza isiyeni musananyamuke, kapena itumizeni mu Okutobala kuzizira kusanayambe kudya ndalama. Ndiye muzisunga kenakake pambali, kosadziwa munthu, ka matenda ndi maliro. Ena adzakunenani kuti mwayamba chizungu. Alekeni anene. Ndinaona mnyamata wina wamtima wabwino kwambiri, wosatha kukana munthu, akugwira ganyu usiku uliwonse kuti akwanitse malonjezo a pa WhatsApp, mpaka mayeso anamukanika ndipo abale ake omwewo ndi amene anataya zambiri. Ndipo zithunzi zija mwaima m'chipale mutavala jekete latsopano, muziika pa Facebook mukudziwa kuti chilichonse chili ndi mtengo wake. Mawa lake mauthenga amachuluka.

Potumiza ndalama gwiritsani ntchito njira zodziwika zimene zimagwera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki. Pali chizolowezi choti mnzanu akuuzani kuti "ndipatse mapaundi kuno, abale ako alandira makwacha kumudzi pa mtengo wabwino." Pakati pa anthu odziwana bwino zimachitika, koma musalole kuti munthu amene simukumudziwa aponye ndalama mu akaunti yanu kuti inu muzipititse kwina, ngakhale atalonjeza kachiwongola dzanja. Banki ikakayikira imatseka akaunti osakufunsani, ndipo ndalama za lendi zimatsekeredwa momwemo.

Nyumba ndiye vuto ku Glasgow. Khonsolo ya mzindawo inalengeza mu Novembala 2023 kuti kusowa kwa nyumba kwafika pa ngozi. Ngati yunivesite yakupatsani chipinda m'mahositelo ake, tengani ngakhale mtengo ukuwawa, chifukwa magetsi, gasi ndi intaneti zimakhala momwemo ndipo bilu ya Januwale siidzakudzidzimutsani. Mukafuna kwa landilodi wapadera, musatumize ndalama muli ku Malawi pa nyumba imene mwangoiona pa chithunzi. Akuba amadziwa kuti mu Ogasiti ophunzira amakhala pa mantha. Pemphani wina amene ali konko akaione. Ku Scotland landilodi aliyense ayenera kukhala wolembetsa ku khonsolo, ndipo nambala yake mutha kuifufuza pa intaneti. Dipoziti siyenera kuposa lendi ya miyezi iwiri, ndipo sasunga ndi landilodi: amayenera kuipereka ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka, monga SafeDeposits Scotland, pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Nyumba yokhalamo anthu atatu kapena kuposa amene si apachibale imafunika laisensi ya HMO. Tsiku lolowa jambulani chilichonse, kapeti, chitofu, makoma, makamaka m'makona ndi kuseri kwa wodulobu komwe kumachita chuku chakuda chifukwa cha chinyezi. Funsaninso mmene mita imayendera. Zina ndi zogula mayunitsi monga tinazolowera kuno. Wophunzira wa nthawi zonse salipira msonkho wa khonsolo, koma muyenera kutumiza kalata ya ku yunivesite, apo ayi bilu izibwerabe.

Za jekete ndifupikitse. Musagule kuno. Ku Glasgow chovuta si chipale, ndi mvula ya mphepo yosaleka, ndiye mukufunika jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa, ndi nsapato zosalowa madzi. Ambulera mphepo imathyola. Masitolo a zachifundo ogulitsa kaunjika alipo m'misewu yambiri, ndipo ife a kaunjika sitifunika kuphunzitsidwa kusankha.

Ntchito ziliko, m'malo osamalira okalamba, m'makhitchini, m'masitolo, m'mawerehausi. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kapena kuposa anali mapaundi 12.21 pa ola. Mufunika nambala ya National Insurance, imene ndi yaulere, ndipo wokulembani ntchito adzafuna share code, nambala yotsimikizira kuti mukuloledwa kugwira ntchito, yochokera mu akaunti yanu ya UKVI, ofesi ya boma yoona za ma visa, popeza makadi a visa otchedwa BRP anatha ntchito kumapeto kwa 2024 ndipo visa tsopano ili pa intaneti. Pa ntchito yosamalira okalamba kapena ana adzakulowetsani mu PVG, imene imafufuza mbiri yanu. Zonsezi yambani mu Seputembala, chifukwa zimatenga masabata.

Koma apa mumvetsetse. Visa ya wophunzira wa digiri imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Sabata yake imayamba Lolemba kutha Lamulungu, ndipo simungagwire maola 30 sabata ino pofuna kudzagwira 10 sabata yamawa. Mukakhala ndi mabwana awiri, maola ake amawaphatikiza. Kwa a masters, miyezi yolemba dissertation, kafukufuku womalizira digiri, mayunivesite ambiri amaiwerengera kuti ndi nthawi ya sukulu, osati holide, ndiye funsani musanalandire mashifiti ambiri mu Julayi. Chimene chimatidabwitsa kwambiri ife Amalawi n'chakuti geni iliyonse ndi yoletsedwa pa visa imeneyi. Kuluka anthu tsitsi m'chipinda mwanu n'kumalipiritsa, kugulitsa zitenje kapena mandasi, kuperekera anthu chakudya panjinga ngati wodzilemba ntchito nokha, zonsezo amati ndi bizinesi. Wina akakuuzani kuti "aliyense amachita," muonetsetse kuti iyeyo ali pa visa yanji. Abale athu amene anakhazikika kalekale amalangiza ndi mtima wabwino, koma malamulo amene akuwadziwa ndi a mapepala awo, osati anu, ndiponso amasinthasintha. Mwachitsanzo kuyambira Januwale 2024 a masters wamba sangatengenso mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula ochita kafukufuku ndi ena olipiridwa ndi boma. Ku yunivesite kuli ofesi yolangiza za visa kwaulere. Mawu omaliza muziwatenga kumeneko.

Sabata yoyamba yomweyo kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu, amene amati GP. Ndalama za chipatala munalipira kale pofunsira visa, mapaundi 776 pachaka kwa wophunzira, ndiye musadzimane. Ku Scotland mankhwala olemberedwa ndi dokotala ndi aulere. Mukadwala usiku imbani 111, pa ngozi 999. Inu ochokera ku Nkhotakota ndi ku Salima, thupi likatentha m'miyezi yoyamba, kapena mutangobwerera kuchokera kumudzi, nenani momveka kuti mwachokera kudera la malungo ndipo mukufuna kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Dokotala wa kumeneko amaona chimfine tsiku lililonse, malungo mwa apo ndi apo, ndiye mukangoti mutu ndi kuphwanya m'thupi akhoza kukuuzani kuti mukapume. Kwa dokotala yemweyo mutha kunenanso za kusowa tulo ndi kulemera kwa mtima kuja. Sadzadabwa, ndipo sizikhudza visa yanu. Usiku zikathina mulibe wolankhula naye, a Samaritans amayankha pa 116 123 kwaulere.

M'kalasi muli zodabwitsa zake. Pulofesa wa imvi amafuna mumutchule dzina lake loyamba, ndipo pakamwa pamalemera miyezi ingapo. Maola okhala m'kalasi ndi ochepa, mwina masiku atatu pa sabata, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti masiku enawo ndi a ganyu. Ayi, ndi owerenga. Ife tinakulira pokopera manotsi pabolodi, kuloweza, n'kukabweza pa mayeso. Kumeneko mukabweza zimene mphunzitsi ananena mumapeza malikisi apakatikati, n'kukulemberani kuti mwangofotokoza, maganizo anu sakuoneka. Amafuna munene kuti wolemba uyu akulondola apa, apa walakwitsa, chifukwa chake n'chakuti. Kukhala chete m'kalasi, kumene kwathu ndi ulemu, iwo amakuona ngati simunawerenge.

Ndipo muli nazo zonena, kuposa mmene mukuganizira. Tsiku lina tikukambirana za kolera, anzanga ankatchula zimene anawerenga m'mapepala a akatswiri, zolondola ndithu. Ine ndinafotokoza zimene tinaona kunyanja kuno mu 2022 ndi 2023: matenti kuseri kwa chipatala, ndowa za kolorini pakhomo la msika, chimbudzi chokumbidwa mumchenga chimene chimagumuka mvula yoyamba, ndi msodzi amene amagona padoko masabata, madzi ake akumwa ndi a m'nyanja momwemo. Mphunzitsi anasiya zimene anakonza, ola lonse linathera pamenepo. Zimene mwaona ku dipatimenti ya zaulimi, kusukulu imene mumaphunzitsa, ku sikimu ya mpunga ku Lifuwu kapena m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndi chuma m'kalasi. Kungoti muziphatikize ndi zowerenga.

Mlandu waukulu kumeneko ndi kutenga mawu a eni osatchula komwe mwawatenga. Ntchito iliyonse imadutsa mu Turnitin, imene imaifananiza ndi zolemba zina zosawerengeka, ndipo malamulo okhudza mapulogalamu olembera munthu nkhani amasiyana kosi ndi kosi, choncho werengani a kosi yanu. Makalasi aulere ophunzitsa kalembedwe amachitika mu Seputembala ndi Okutobala. Pitani, ngakhale Chingerezi munakhoza bwino pa MSCE. Aphunzitsi ali ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira, ndipo nthawi zambiri mumapeza mulibe munthu. Safunsa anadya phula. Mukaona kuti tsiku lopereka ntchito likupanikizani chifukwa cha matenda kapena zovuta za kumudzi, pemphani masiku owonjezera tsikulo lisanafike. Likadutsa nkhani imavuta. Amene mukufuna kudzatolera mfundo za dissertation ku Malawi, yambani kufunsa za chilolezo teremu yoyamba, chifukwa mufunika cha yunivesite yanu komanso cha kwathu, ku National Commission for Science and Technology kapena ku komiti yoona kafukufuku wa zaumoyo, ndipo makomiti sathamangira munthu.

Anthu ocheza nawo apezeni kunja kukadawala, chifukwa mu Disembala simudzakhala ndi mphamvu zogogoda pa khomo lachilendo. A CCAP mudzamva kwanu ku Church of Scotland, a Anglican a ku All Saints mufunse Scottish Episcopal Church, Akatolika matchalitchi ndi ambiri, ndipo Asilamu muli ndi Glasgow Central Mosque pafupi ndi mtsinje wa Clyde, ndi masitolo a nyama ya halaal cha ku Pollokshields. Mudzadabwa kuona tchalitchi chachikulu chamiyala muli agogo ochepa, mapemphero n'kutha ola limodzi, nyimbo zoimbidwa motsitsa. Akatha amamwa tiyi. Musathawe tiyi ameneyo, ndi pamene pamayambira chibale. Agogo ena kumeneko anandiitanira chakudya cha Khirisimasi, tsiku limene mabasi ndi sitima siziyenda ndipo mzinda wonse umakhala zii. Konzani msanga komwe mudzakhale tsiku limenelo.

Dzina la Malawi ku Scotland limatsegula zitseko. Mgwirizano wa maboma awiriwa anasainirana a Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell mu 2005, pali bungwe la Scotland Malawi Partnership, pali Association of Malawians in Scotland, ndipo cha pa 6 Julayi Amalawi amasonkhana kukondwerera ufulu. Kamuzu anaphunzira udokotala ku Edinburgh. Blantyre weniweni, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndi ulendo waufupi pa sitima kuchokera ku Glasgow Central, ndipo nyumba yake ndi malo osungirako mbiri. Mukanena kumeneko kuti mumachokera ku Nkhotakota, komwe kuli mkuyu umene anakumanirapo ndi Jumbe, nkhani siitha. Chimene chinkanditopetsa nthawi zina n'chakuti ena amadziwa Malawi ngati dziko lolandira thandizo basi: sukulu imene anamanga, mjigo umene anakumba. Muwayamikire, ndi anthu abwino, koma muwauzenso za dziko limene inu mukulidziwa. Kalankhulidwe ka anthu a ku Glasgow kadzakuvutani masabata oyamba. Ngakhale Angerezi kamawavuta, ndiye musachite manyazi kupempha kuti abwereze. Kunyumba kwa munthu sangofikako osapangana. Akati tikumane kokamwa khofi, aliyense amalipira zake. Za tsankho, ambiri ndi ansangala, koma wina woledzera pa basi akhoza kutulutsa mawu oipa. Musalimbane naye, zimene wachitazo ndi mlandu, ndipo apolisi amalandira madandaulo pa 101.

Ufa musadzilemetse nawo, umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia. Wa chinangwa uliponso, ngakhale kondowole wake safika pa wa ku Linga wa chinangwa chovunditsa. Makilogalamu anu apatseni nsomba. Malamulo a UK amalola munthu kulowa ndi nsomba zouma kapena zowamba mpaka makilogalamu 20, koma nyama ndi zamkaka zochokera kwathu ndi zoletsedwa, ndiye nyama yowamba, mbewa ndi chambiko zitsale. Usipa ukhale wouma bwino, muukulunge m'mapulasitiki angapo, apo ayi zovala zonse zidzanunkha doko. Mthiko ndi chipande musaiwale. Mpiru ndi wosowa, koma masamba amene pa Chingerezi amati kale ndi spring greens amalowa m'malo, ndipo chiponde cha m'botolo chosathira shuga chimatendera bwino. Madzulo masitolo akuluakulu amamata timapepala tachikasu pa zakudya zotsala pang'ono kutha masiku, mitengo n'kutsika kwambiri. Mukamakazinga usipa m'khitchini ya anthu ambiri tsekani chitseko, tsegulani windo, yatsani fani, ndipo musachokepo. Mabelu a moto a kumeneko samvera zifukwa. Usiku wina mu Januwale hositelo yathu yonse inaima panja pa mvula, ena atafunda mabulangete, kudikira ozimitsa moto, chifukwa cha poto wa munthu amene anapita kukayankha foni.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingakukonzekeretseni mokwanira. M'chaka chimenechi, pabanja kapena pamudzi pakhoza kugwa zovuta, ndipo inu simudzatha kubwera. Tikiti yogula lero kuti munyamuke mawa, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndi ndalama zimene wophunzira sakhala nazo, ndipo kunyanja kuno ndi kutentha kwake maliro sadikira, makamaka kwa abale athu Achisilamu amene amaika msanga. Kambiranani zimenezi musanachoke, ngakhale ndi nkhani yowawa kuitchula. Ena amagwirizana kumudzi kuti asakuuzeni mpaka mutamaliza mayeso, koma masiku ano mumakazionera pa status ya munthu wina, zimene zimapweteka koposa. Auzeni kuti mukufuna kumva kuchokera kwa ndani. Uthenga ukafika musadzitsekere m'chipinda. Uzani Amalawi anzanu. Amabwera, amakhala nanu pansi, amaimba nyimbo zathu, amasonkha chipepeso, wina amaphika. Uzaninso mphunzitsi wokuyang'anirani tsiku lomwelo, mayunivesite ali ndi dongosolo la ofedwa ndipo amasuntha masiku a ntchito. Inunso mukamva kuti mnzanu waferedwa, pitani, ngakhale munangoonana naye kamodzi. Gulu la Amalawi likamasonkha, sonkhani nawo.

Kumapeto kwa Malichi mawotchi amapitanso kutsogolo, ndipo mudzadzimva nokha mukutsitsimuka. Pofika Juni kumawala mpaka 10 koloko usiku kupitirira, mpaka tulo kuvuta. Gulani 16-25 Railcard, imene wophunzira wa nthawi zonse amaloledwa ngakhale atapitirira zaka zimenezo, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima. Osakwana zaka 22 mabasi ndi aulere mukapeza khadi lake. Kaoneni Edinburgh, kaoneni Loch Lomond kudzera ku Balloch. Koma inu ana a kunyanja amene mumadzidalira posambira, madzi a kumeneko ndi ozizira koopsa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, amagwira mpweya ndi minofu mukangodumphiramo, ndipo amiza anthu odziwa kusambira. Vikani mapazi basi.

Miyezi yowalayi ndi yomwenso dissertation imafunika, kawirikawiri mu Ogasiti, ndipo ndi nthawi imene funso loti mutsale kapena mubwerere limayamba kukuvutitsani. Graduate visa yakhala ikulola omaliza digiri kutsala zaka ziwiri akugwira ntchito, koma boma la UK linalengeza kuti liifupikitsa kufika miyezi 18 kuyambira Januwale 2027. Amene muli pa sikolashipi ya Chevening munasainira kuti mubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri, a Commonwealth nawonso amayembekezera kuti mubwerera, ndipo amene munachoka ku ntchito ya boma pa tchuthi cha maphunziro muli ndi bondi yanu. Werengani zimene munasaina musanamvere za anzanu. Mukamabwerera, pa lendi ya kwa landilodi wapadera perekani notisi ya masiku 28 molemba, konzani chipinda, jambulaninso, ndipo dipoziti muiitanitse ku bungwe lija akaunti ya ku banki musanaitseke. Kuntchito tengani P45, pepala losonyeza malipiro anu ndi msonkho umene munadulidwa, mwina munadulidwa msonkho wopitirira ndipo akubwezerani. Satifiketi imatuluka miyezi ingapo mutachoka, ndiye siyani adiresi yodalirika, osati bokosi la positi la sukulu ya pulaimale ya kumudzi limene kiyi wake amasunga munthu mmodzi. Pemphaniretu transcript yosindikizidwa, chifukwa mukafika a National Council for Higher Education ku Lilongwe adzaifuna pounika digiri yanu, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsa kalata yawo.